MAPENI 22, SIGINECHA IMODZI: TISADZAGULIDWE NDI CHOLEMBERA

*Uthenga kwa mamembala onse. Werengani mpaka pansi musanagawe.*



Sabata ino m'magulu mwathu mwazungulira kavidiyo kakale ka Barack Obama akusaina lamulo. Walemba kachidutswa ka chilembo, waika peni pansi, watola ina, walembanso pang'ono, waika pansi, choncho mpaka mapeni onse atha pa tebulo. Mnzathu wina anafunsa kuti, "Aise, ndiye kuti ku America nakonso mapeni ake ndi otha inki ngati aja timagula pa depoti?" Tinaseka ndithu. Koma titakhala pansi kukambirana, taona kuti m'kavidiyo kameneka muli phunziro lomwe aliyense amene anayendapo pamsewu atanyamula chikwangwani ayenera kulimva. N'chifukwa chake talemba motalika chonchi.

*MWAMBOWU NDI WOTANI?*

Kavidiyo kaja ndi ka pa 23 March 2010, ku White House mumzinda wa Washington. Obama ankasaina lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lotchedwa Affordable Care Act, limene ambiri amangoti Obamacare. Anagwiritsa ntchito mapeni 22. Dzina loti Barack Obama lili ndi zilembo 11 zokha, ndiye werengerani nokha mmene ankadulira chilembo chilichonse kuti peni iliyonse ikhudzeko pepala.

Mapeniwo sanali owonongeka ayi. Ku America, peni imene yakhudza lamulo lalikulu imasanduka chinthu cha mbiri. Pulezidenti akamaliza kusaina amagawa mapeniwo kwa anthu amene akufuna kuwathokoza pamaso pa makamera. Tsiku limenelo analandira ndi monga Nancy Pelosi yemwe anali Sipikala, Harry Reid yemwe ankatsogolera chipani cholamula ku Senate, Joe Biden yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, komanso Victoria Kennedy, mkazi wamasiye wa Senator Edward Kennedy amene anamenyera nkhani ya zaumoyo kwa zaka zambiri koma anamwalira mu August 2009 lamulolo asanalione. Wolandira amakaika peni ija m'galasi n'kuipachika pakhoma la ofesi.

Mwambowu unazika mizu m'nthawi ya Franklin Roosevelt, amene analamulira kuyambira 1933 mpaka 1945. Kale sizinali choncho. Pa 1 January 1863, Abraham Lincoln posaina chikalata chomasula akapolo m'zigawo zimene zinagalukira boma, anagwiritsa ntchito cholembera chimodzi basi. Katswiri wa mapeni ambirimbiri anali Lyndon Johnson, amene posaina lamulo la ufulu wa anthu la Civil Rights Act mu 1964 anagwiritsa ntchito mapeni oposa 70. Ndipo mwambowu ukupitirira. Pa 20 January 2025, Donald Trump atasaina zikalata zake m'bwalo la masewero ku Washington, anaponya mapeni kwa omutsatira ngati akuponya maswiti kwa ana.

Tsono tamverani ichi. Malamulo aakulu a dziko la America safuna mapeni 22, safunanso mwambo uliwonse. Bilu ikadutsa m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, pulezidenti amakhala ndi masiku 10, osawerengera Lamulungu. Akangokhala chete osasaina, osaibweza, aphungu akadali pa zokambirana, biluyo imasanduka lamulo yokha. Mu May 2011 Obama ali ku France analola kuti makina osainira, otchedwa autopen, amusainire lamulo lina ku Washington iye kulibe, ndipo lamulolo linagwira ntchito. Ndiye ngati ngakhale makina angathe kusaina, mapeni onsewa ndi a chiyani?

Ife tikuti peni ndi risiti ya ndale. Ntchito yake ndi kuuza dziko kuti "amene wabweretsa lamuloli ndi uyu, ndi uyu, ndi uyu." Ndipo amene wagwira mapeniwo ndi amenenso amasankha oti alowe m'chithunzi.

*2 JULY 1964: ANALANDIRA NDANI, SANALANDIRE NDANI?*

Tiyeni tikhazikike pa tsiku la Johnson lija, chifukwa ndi pamene nkhani yonse ikuonekera bwino.

Lamulo la Civil Rights Act linaletsa tsankho la khungu m'mahotela, m'malo odyera, m'malo owonetsera mafilimu ndi pa ntchito. Lisanabwere, m'zigawo za kumwera kwa America munthu wakuda sankaloledwa kukhala pa mpando umodzi ndi mzungu m'lesitilanti, ndipo mipope ya madzi akumwa ndi zimbudzi zinali zosiyana. Masenetala a kumwerako anaitsekereza biluyo kwa masiku 60 a zokambirana, akungolankhula mosalekeza kuti voti isachitike. Kuti atsekedwe pakamwa pankafunika mavoti 67 mwa 100. Pa 10 June 1964 anapezeka 71, ndipo 27 mwa amenewo anachokera ku chipani chotsutsa cha Republican, motsogozedwa ndi Everett Dirksen. N'chifukwa chake Dirksen ndi Hubert Humphrey, amene anayendetsa biluyo ku Senate, anali m'gulu la oyamba kulandira mapeni. Martin Luther King Jr. nayenso analandira yake.

Sitikunena kuti anthu amenewa sanagwire ntchito. Anagwira. Popanda mavoti awo bilu ija ikanafera m'nyumba ya malamulo. Koma kodi biluyo inafika bwanji pa tebulo lawo?

Inayambira pa 1 February 1960 ku Greensboro, North Carolina, pamene ophunzira anayi a ku koleji anakakhala pa mipando ya azungu okhaokha m'sitolo ya Woolworth n'kukana kudzuka. Inadutsa ku Birmingham, Alabama, mu May 1963, pamene ana asukulu anatuluka m'makalasi kukaguba ndipo apolisi anawathira madzi a mapaipi ozimitsira moto, kuwalumitsa agalu ndi kuwatsekera m'zitolokosi mazanamazana. Inadutsa pa khomo la Medgar Evers, amene anawomberedwa panja pa nyumba yake ku Jackson, Mississippi, pa 12 June 1963. Inadutsa pa tchalitchi cha 16th Street Baptist ku Birmingham komweko, pamene bomba linapha atsikana anayi pa 15 September 1963.

Ndipo tsiku limene Johnson ankasinthasintha mapeni pa wailesi ya kanema, ku Mississippi anthu anali kalikiliki kufunafuna anyamata atatu. James Chaney wa zaka 21, Andrew Goodman wa zaka 20 ndi Michael Schwerner wa zaka 24 anali mu kampeni yothandiza anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Anasowa pa 21 June 1964. Anaphedwa ndi a Ku Klux Klan, ndipo wachiwiri kwa mkulu wa apolisi m'deralo anali m'gulu la achiwembuwo. Mitembo yawo inapezeka pa 4 August itakwiriridwa m'chipupa cha dothi cha damu. Abale anzathu, awa anali a msinkhu wathu ife tomwe. Mapeni oposa 70 akugawidwa ku Washington, iwo ali m'dothi, makolo awo sakudziwa kumene ali.

Ukaonera chithunzi cha pa 2 July 1964 umaona azibambo a masuti atazungulira tebulo. Ana a ku Birmingham aja mulibe. Munthu amene angaphunzire mbiri kuchokera pa chithunzi chokhacho angaganize kuti ufulu unatsika kuchokera ku White House ngati mphatso ya munthu wachifundo. Ndi bodza limeneli limene tikulikana.

*MAPENI AWIRI OTI TIWAKUMBUKIRE*

Wina anena kuti, "Komatu nthawi zina ndi anthu wamba amene amalandira peni." Zoona zake. Tiyeni tione awiri mwa iwo.

Woyamba ndi John Lewis. Pa 7 March 1965, ali ndi zaka 25, ankatsogolera gulu la ophunzira la SNCC ndipo anali kutsogolo kwa oguba pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, Alabama, pofuna ufulu wovota. Apolisi anawalandira ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi. Lewis anamenyedwa mpaka chigaza kusweka. Patangotha miyezi isanu, pa 6 August 1965, Johnson anasaina lamulo la Voting Rights Act, ndipo Lewis anapatsidwa imodzi mwa mapeni ake. Ameneyu ndiye anaiyenera peni, palibe angatsutse.

Koma pa 25 June 2013, Khothi Lalikulu la America, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, oweruza asanu kwa anayi anathetsa gawo la lamulolo limene linkatchula zigawo zokakamizidwa kupempha chilolezo ku boma lalikulu zisanasinthe malamulo a chisankho. Tsiku lomwelo chigawo cha Texas chinalengeza kuti chiyamba kugwiritsa ntchito lamulo lake lokhwima la ziphaso zovotera limene linali litaimitsidwa. Lewis, amene panthawiyo anali phungu wa zaka 73, anabwereranso pa nkhondo yomweyo imene anaswekera mutu ali mnyamata. Anamwalira pa 17 July 2020 gawo lija lisanabwezeretsedwe. Bilu yobwezeretsa gawolo, yotchedwa dzina lake, inadutsa m'nyumba ya aphungu mu 2021 koma inakatsamira ku Senate. Peni anali nayo, koma peniyo sinathe kuteteza lamulo limene inasaina.

Wachiwiri ndi mayi Lilly Ledbetter. Anagwira ntchito zaka 19 pa fakitale ya matayala ya Goodyear ku Gadsden, Alabama. Atatsala pang'ono kupuma, wina anawasiyira kapepala kosasaina kosonyeza kuti amuna ogwira ntchito yofanana ndi yawo ankalandira ndalama zambiri kuposa iwo. Anakasuma ndipo poyamba anapambana. Koma mu 2007 Khothi Lalikulu linati anachedwa: ankayenera kudandaula pasanathe masiku 180 kuchokera pamene malipiro atsankhowo anakhazikitsidwa, ngakhale kuti panthawiyo sankadziwa n'komwe kuti akuberedwa. Mayiwa sanagonje. Anayenda, analankhula, anagogoda pa zitseko za aphungu. Pa 29 January 2009 lamulo loyamba limene Obama anasaina monga pulezidenti linali la dzina lawo, Lilly Ledbetter Fair Pay Act, lonena kuti masiku 180 aja aziyambiranso pa malipiro aliwonse atsankho. Anaimirira pambali pa pulezidenti. Anapatsidwa peni. Koma ndalama zawo za zaka 19 zija sanazione, chifukwa mlandu wawo unali utatha kale. Anamwalira mu October 2024.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lamulo limene langosainidwa kumene likadali pachala.

*NDIYE PENI N'NJACHABECHABE?*

Ayi, tisapitirire malire. Si kulakwa kuthokoza anthu amene avutikira chinthu. Mkazi wamasiye wa Kennedy kulandira peni ija zinali ndi tanthauzo. Anthu amafuna chinthu choti agwire m'manja chowakumbutsa kuti kuvutika kwawo sikunapite pachabe. Ndipo mwambo wosaina pagulu uli ndi ubwino umodzi umene ifeyo timaufuna: mtsogoleri amadzimanga yekha pamaso pa anthu, mawa sangakane kuti sanasaine.

Chimene tikunena n'chakuti mwambo wa mapeni umapangitsa anthu kuganiza kuti nkhani yatha. Makamera amazimitsidwa, atolankhani amapita ku nkhani ina, oguba amapinda zikwangwani. Pomwe ntchito yeniyeni imakhala ikungoyamba kumene.

Taonani chimene chinasinthadi zinthu ku Mississippi. Lamulo la 1965 lisanabwere, anthu akuda olembetsa m'kaundula wa mavoti kumeneko sankakwana 7 pa 100 alionse oyenera kuvota. Pofika 1967 anali pafupifupi 60 pa 100 alionse. Zinatheka bwanji? Lamulolo linathetsa mayeso a kuwerenga amene alembi a tsankho ankagwiritsa ntchito pobweza anthu. Boma lalikulu linatumiza alembi ake m'maboma ovuta kwambiri kuti akalembe anthu okha. Ndipo achinyamata anapitiriza kuyenda khomo ndi khomo, kukatenga agogo awo kupita nawo pa mzere. Lamulo la 1964 lija nalonso linayesedwa pompopompo: mwini wa motelo ina ku Atlanta anakalitsutsa kukhothi, ndipo linapulumuka mu December 1964 pa chigamulo cha Heart of Atlanta Motel. Obamacare ya mapeni 22 ija inapulumuka ku Khothi Lalikulu mu 2012, koma chigamulo chomwecho chinalola zigawo kukana kukulitsa thandizo la chipatala kwa osauka, ndipo zina monga Texas zinakanadi. Mu July 2017 inatsala pang'ono kugumulidwa ku Senate, mavoti anali 51 kwa 49.

Lamulo limakhala ndi moyo pakakhala ofesi yoliyendetsa, ndalama mu bajeti, anthu olembedwa ntchito, khothi lolimba mtima, ndi nzika zosatopa kufunsa. Zonsezi sizioneka bwino pa kamera, n'chifukwa chake andale sazikonda.

*KWATHU KUNO TINAZIONA KALE*

Kuno ku Malawi tilibe mwambo wogawa mapeni 22, koma nkhani ya siginecha yopanda mano timaidziwa bwino. Kumbukirani lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ndi zikalata za boma, la Access to Information. Atolankhani ndi mabungwe analimenyera zaka zoposa khumi. Nyumba ya Malamulo inavomereza biluyo mu December 2016. Pulezidenti Peter Mutharika anaisaina mu February 2017. Anthu anasangalala, zikalata zothokoza zinatuluka. Koma m'lamulomo munali kachiganizo kakuti lidzayamba kugwira ntchito pa tsiku limene nduna idzalengeze mu gazeti ya boma. Tsikulo linadzafika pa 30 September 2020, boma litasintha kale. Zaka zitatu ndi theka lamulo lili losainidwa koma logona m'kabati. Ndipo ngakhale lero, dzifunseni nokha: ndi angati mwa ife amene analembapo kalata yopempha chikalata ku khonsolo kapena ku unduna pogwiritsa ntchito lamuloli? Ngati sitiligwiritsa ntchito, ndiye kuti nafenso talipachika pakhoma ngati peni ya m'galasi ija.

Tikunena izi lero chifukwa gulu lililonse la achinyamata limene likumveka limadzafika pa tsiku limeneli. Amene ankakutchulani kuti ndinu osokoneza amayamba kukuimbirani foni. Kalata yoitanira imabwera, ya pepala lolimba. Pamakhala mipando yakutsogolo, chakudya, alawansi ya mayendedwe, ndi chithunzi mukugwirana chanza ndi bwana. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene wakhala zaka zitatu digiri ili m'envelopu, zimenezi si zazing'ono, tisanamizane. Ambiri amagwera pamenepo, osati chifukwa ndi oipa mtima, koma chifukwa atopa ndipo kwa nthawi yoyamba wina wawatchula dzina mwaulemu. Chithunzi chikangotuluka, boma limanena kuti achinyamata amvedwa, ndipo amene watsala pamsewu amaoneka ngati wamwano chabe.

*ZOTI TIGWIRIZANE KUYAMBIRA LERO*

1. Tikaitanidwa ku mwambo wosaina chilichonse, kaya lamulo kaya mgwirizano, sitipita tisanawerenge chikalatacho tokha, tsamba ndi tsamba. Osadalira zimene wolankhula pa maikolofoni wanena.

2. Mafunso athu ndi anayi ndipo sasintha. Liyamba liti kugwira ntchito? Aliyendetse ndani? Ndalama zake zili pa mzere uti wa bajeti? Woliphwanya alandira chilango chanji? Pakasowa yankho la limodzi mwa amenewa, tisaombe m'manja msanga.

3. Woimira gulu pa mwambo wotere asankhidwe ndi gulu, osati ndi oitanawo. Amene akugawa mapeni asatisankhire atsogoleri.

4. Chilichonse chimene woimira gulu walandira kumeneko, kaya ndi peni, chikho, satifiketi kapena envelopu, achinene poyera pa gulu tsiku lomwelo. Palibe manyazi pamenepa. Manyazi ali pobisa.

5. Tisunge mayina athu tokha. Amene anamangidwa, amene anavulala, amene anachotsedwa ntchito kapena sukulu, amayi amene anatiphikira, oyendetsa kabaza amene anatinyamula ulere. Nthambi iliyonse ikhale ndi kope lake ndipo ilisunge mosamala, osaliponya pa intaneti mwini dzina asanavomere. Chithunzi cha boma sichidzawakumbukira anthu amenewa.

6. Pa kalendala pathu tisalembe tsiku losaina lokha. Tilembenso tsiku la miyezi itatu, la miyezi isanu ndi umodzi, ndi la chaka chimodzi. Masiku amenewo tizibwerera kukafunsa zimene zachitika, mwa kalata, ndipo yankho lake tizilifalitsa.

Wina afunsa kuti, "Ndiye akatipatsa peniyo tikane?" Ayi aise, landirani. John Lewis analandira yake ndipo sanasiye kuguba mpaka tsitsi litatha m'mutu. Mayi Ledbetter analandira yawo ndipo anapitiriza kulankhula za malipiro a amayi mpaka ukalamba wawo. Vuto silili pa kulandira. Vuto limayamba pamene wolandira wakhutira, n'kubwera kudzatiuza kuti tipite kunyumba zonse zatheka. Mukailandira, bwerani nayo kuno. Tidzalembera kalata yoyamba yofunsa tsiku limene lamulolo liyambe kugwira ntchito.

Kavidiyo ka Obama kaja pitirizani kukagawa, kamaseketsa ndithu. Koma pokagawa onjezerani mayina atatu awa pansi pake: James Chaney, Andrew Goodman, Michael Schwerner. Wina akakufunsani kuti amenewa ndi ndani, muuzeni.

Oyang'anira nthambi, werengani uthengawu pa msonkhano wanu wotsatira, makamaka mfundo 6 zili pamwambazi, ndipo mutitumizire maganizo a anthu anu. Amene alibe bandulo muwawerengere. Gawani ku magulu onse.

Tisagone, tisatope.

*Komiti yofalitsa mauthenga*